Bondo Silidziwa Kuti Mawa Kuli Mpikisano

Anzanga ambiri mwakhala mukundiimitsa pa njira ya ku chipinda chodyera ndi kundifunsa kuti, "Kodi iwe ubwerera liti m'bwalo?" Ena mwa inu mwanena kuti ndine wamantha, ndipo ena mwati ndikudzikonda posafuna kuthandiza sukulu yathu pa mpikisano wa mpira wa manja umene uli pafupiwu. Popeza sindingathe kuyankha aliyense payekhapayekha, ndaganiza zoyankha nonse pamodzi, kuti aphunzitsi athunso amve. Maganizo anga ndi awa: wosewera amene wavulala asabwerere m'bwalo kufikira atachira ndithu, ngakhale sukulu igonje chifukwa cha kusowa kwake, ndipo wamkulu amene malo ake atengedwa ndi wamng'ono asachite nsanje, koma amphunzitse.

Amene munalipo tsiku lija mukukumbuka mmene zinachitikira. Linali Lachitatu madzulo, dzuwa la kuno ku Mangochi litayamba kuzizira, ndipo tinali kukonzekera monga mwa masiku onse. Ndinalumpha kuti ndiwakhe mpira pafupi ndi mtengo wa golo, ndipo potera phazi langa la kumanja linaponda kamwala. Thupi linatembenuka koma phazi linatsala pomwepo. Ndinagwa, ndinayesa kudzuka, ndinagwanso. Pofika usiku bondo linali litatupa ngati papaya. M'mawa mwake ananditengera ku chipatala, kumene anandijambula nandiuza kuti fupa lili bwino, koma mtsempha wa m'mbali mwa bondo wang'ambika pang'ono. Anandilamula kuti ndipume masabata 8, ndizichita mafizo amene anandionetsa, ndipo ndikabwerenso kuti akandione ndisanagwire mpira. Tsono mpikisano wathu ukugwa m'sabata yachisanu. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Ndisakunamizeni kuti ndinamvera msanga. Patapita masabata awiri kutupa kunatsika, ndipo ndinayamba kuyenda wopanda ndodo. Mtima unandiuza kuti ndachira. Tsiku lina m'bandakucha, belu lodzutsa lisanalire, ndinamanga bandeji zolimba, ndinameza mapiritsi awiri opha ululu, ndipo ndinazemba kupita kuseri kwa chigono chathu ndi mpira m'manja. Ndinali nditangolumpha kawiri pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga akuti, "Mwanawe, tabwera kuno." Anali amayi athu a matironi. Ndinayesa kuti andipatsa chilango, koma iwo anandikhazika pa khonde, nakweza chitenje chawo pang'ono, nandionetsa bondo lawo la kumanzere. Linali lalikulu kuposa linzake, lokhota, ndipo linali ndi zipsera za mphini kuzungulira.

Ambiri a ife timadziwa kuti amayiwa amatsimphina, koma ndi ochepa amene amadziwa chifukwa chake. Ali mtsikana anali katswiri woponya zigoli, ndipo anasewera zaka zambiri, osavala nsapato, pa mabwalo a fumbi a m'mbali mwa nyanja muno. Anandiuza kuti tsiku lina anavulala monga momwe ndinavulalira inemu, kutatsala sabata imodzi kuti asewere masewera omaliza a chikho. Kumudzi anawathowa ndi madzi otentha, anawatemera mphini, ndipo anthu anabwera kudzawadandaulira kuti timu singapambane popanda iwo. Analowa m'bwalo, anthu akuimba dzina lawo. Timu yawo inapambanadi, koma chakumapeto kwa masewerawo bondo linagonja kachiwiri, ndipo anatuluka atanyamulidwa. Kuyambira tsiku limenelo sanasewerenso. Lero mphepo ya mwera ikayamba kuwomba mu Juni, bondolo limawawa usiku wonse, ndipo sangathe kugwada kuti akoleze moto. Ndinawafunsa kuti, "Nanga chikhocho chili kuti, amayi?" Anaseka, nati, "Kaya, mwana wanga. Chikho chinapita ndi eni ake, bondo ndilo ndinatsala nalo."

Paja akuluakulu anati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Ine anandikomera m'mawa womwewo, ndipo ndinamasula bandeji ija ndi kubweza mpira.

Tsono tiyeni tione chimene chimachitika m'kati mwa bondo, pakuti ambiri timaweruza ndi maso okha. Bondo ndi malo amene fupa la ntchafu limakumana ndi fupa la msongolo, ndipo mafupa awiriwa amamangidwa ndi mitsempha yolimba ngati zingwe: iwiri m'mbali, ndi iwiri yopingasana m'kati. Mpira wa manja umavutitsa mitsempha imeneyi kuposa masewera ambiri, chifukwa lamulo lake silimlola munthu kuthamanga ndi mpira. Uyenera kuima mwadzidzidzi pa phazi limene wateralo, kutembenuka pomwepo, ndi kuponya asanathe masekondi atatu. Kulemera konse kwa thupi kumatsikira pa bondo limodzi. Mtsempha ukang'ambika, ululu ndi kutupa zimatha msanga, koma mtsemphawo umalumikizana pang'onopang'ono, ndipo minofu ya ntchafu imene imauthandiza imakhala itafooka chifukwa cha kukhala. Chotero munthu amadziona ngati wachira pamene chingwe chake chikadali chosalimba. Mapiritsi opha ululu salumikiza kanthu. Amangotseka pakamwa pa mlonda amene akanakuchenjeza. Ndiponso madokotala anapeza kuti mtsempha wa m'kati uja, umene amautcha ACL, umaduka kawirikawiri mwa atsikana kuposa anyamata, ndipo ukaduka wonse sumalumikizana bwino wokha. Wosewera amafunika opaleshoni ndi miyezi 9 kapena 12 ya mafizo. Ndani mwa ife ali ndi makolo amene angathe kulipira zimenezo?

Wina adzati izi ndi nkhani za ana a sukulu amantha, akatswiri enieni amapirira. Ndikupemphani kuti mukumbukire Mwai Kumwenda, amene dzina lake timalitchula tonse tikaponya chigoli chokongola. Iye anakulira ku Mzimba, naphunzira kusewera osavala nsapato ndi mpira wa mapepala a pulasitiki, monga momwe ambiri a ife tinayambira. M'chaka cha 2015, pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney, anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse. Mu Epulo 2018 anali m'gulu la Malawi Queens limene linagonjetsa New Zealand 57 kwa 53 pa masewera a Commonwealth ku Gold Coast. Ine ndinali kamwana ka ku pulayimale, koma ndikukumbuka mmene anthu anakuwira pa wailesi tsiku limenelo. Koma chaka chomwecho, ligi ya ku Australia ili pafupi kutha, akusewerera timu ya Melbourne Vixens, mtsempha wake wa ACL unaduka.

Taganizani anzanga zimene anataya. Anachitidwa opaleshoni, nakhala kunja kwa bwalo pafupifupi chaka chathunthu. Mpikisano wa dziko lonse wa 2019 ku Liverpool unachitika iye palibe, pamene mpikisano wapitawo ndiye anali woposa onse, ndipo mpikisano umenewu umabwera kamodzi pa zaka 4. Ngati panali munthu amene dziko lake linamufuna m'bwalo, anali iyeyu. Koma anadikira. Anabwerera chakumapeto kwa ligi ya 2019, ndipo mu Okutobala 2020 timu yake inatenga chikho cha ligi ya Australia pogonjetsa West Coast Fever 66 kwa 64. Pa masewera omalizawo Mwai anaponya kokwana 50 namwetsa zigoli 47, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa tsikulo. Akanathamangira ku Liverpool ndi bondo losapsa, kodi tsiku limenelo likanamufikira? Sunga khosi, mkanda uoneke. Ngati katswiri wotere, wokhala ndi madokotala omuyang'anira tsiku ndi tsiku, anadikira chaka, ine ndine yani kuti ndilephere kudikira masabata 8?

Ife a kunyanja sitiyenera kuphunzitsidwa za kudikira, pakuti phunziroli lili pakhomo pathu. Chaka ndi chaka, mu Novembala ndi Disembala, makoka amaletsedwa pa nyanja ya Malawi kuti chambo chiswane. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, kotero kuti msodzi amene wakoka chimodzi nthawi imeneyo wapha nsomba zambirimbiri za chaka cha mawa. Miyezi imeneyo ndi yowawa pa mabanja a asodzi, ndipo ambiri a ife fizi yathu imachokera m'khoka. Koma tonse tinamva kwa makolo athu za nyanja ya Malombe, imene kale inali yodzaza ndi chambo, koma pofika zaka za m'ma 1990 chambocho chinali chitatsala pang'ono kutha, chifukwa anthu anaikoka osaipatsa mpumulo, ndi maukonde a maso ang'onoang'ono. Thupi la wosewera nalonso lili ndi nyengo yake yotseka. Amene akana kutseka miyezi iwiri adzatsekedwa moyo wonse.

Sindikufuna kubisa mawu a amene akutsutsana nane, pakuti ena mwa iwo ndi abwenzi anga enieni, ndipo zonena zawo zili ndi nzeru. Choyamba akuti sukulu yathu yakhala nthawi yaitali osafika patali pa mpikisanowu, ndipo chaka chino ndicho tili ndi timu yabwino. Ndi zoona, ndipo nanenso ndikufuna chikho monga momwe inu mukuchifunira. Koma wosewera wotsimphina sathandiza timu. Mdani akamuona amaponyera mpira mbali yake, ndipo akagwa pakati pa masewera timu imasokonezeka koposa mmene ikanasokonezekera atayamba wina wamphumphu. Chachiwiri akuti anzathu a Folomu 4 uwu ndi mwayi wawo wotsiriza. Izi zimandimvetsa chisoni ndithu. Koma tsiku lotsiriza la sukulu sindilo tsiku lotsiriza la miyendo. Miyendo yomweyi tidzayenda nayo kumunda, kumsika, ku ntchito, ndipo tidzaberekera nayo ana kumbuyo. Chachitatu akuti kupirira ndi ulemu wa wosewera, ndipo anyamata a mpira wa miyendo ndiwo amakonda mawu amenewa, nati mwamuna salira. Kupirira kutopa, kupirira dzuwa la Okutobala, kupirira pamene mdani watsogola ndi zigoli 10, kumeneko ndiko kupirira kwa wosewera. Koma kubisa bala pofuna kuti anthu akuimbireni m'manja sikulimba mtima ayi. Kulimba mtima ndi kukhala pa benchi anzako akukunena kuti ndiwe wamantha.

Tsopano ndifike pa mbali yachiwiri, imene ili yovuta kwa ine kuilemba. Nditavulala, malo anga anapatsidwa kwa mtsikana wa Folomu 1, wamtali, wa manja aatali, amene sanathe ndi chaka chomwe pa sukulu pano. Tsiku loyamba ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kumuyang'ana, ndipo, ndiulule poyera, mumtima ndinali kufuna kuti aphonye. Ataphonya ndinakondwa, atamwetsa ndinayang'ana kumbali. Ndikaganiza bwino, chimene chinandidzutsa m'bandakucha uja ndi bandeji sichinali chikondi cha pa sukulu chokha. Anali mantha akuti mwanayu akazolowera malo anga, anthu adzandiiwala. Ndikhulupirira kuti ambiri amene amabwerera m'bwalo asanachire amakankhidwa ndi mantha omwewa.

Ndinafunsa amayi a matironi maganizo awo pa osewera a masiku ano. Sananyoze monga amachitira achikulire ena, amene kwa iwo chabwino chilichonse chinatha kale. Anati atsikana a lero ndi aliwiro, ndi aatali, ali ndi nsapato, ndipo amaona akatswiri a maiko ena pa kanema ndi pa foni, zimene iwo sanazione. Anati akanakhala mtsikana lero, mwina sakanapeza malo m'timu yathu. Koma anatinso a lero amafulumira: amafuna kuponya asanaphunzire kutera, ndipo amalowa m'bwalo osatenthetsa thupi. Za mtsikana wa Folomu 1 uja anati ali ndi dzanja labwino kuposa langa, koma amatera ndi miyendo yowongoka, mawondo akugundana m'kati, ndipo ngati sapezeka womuwongolera, tsiku lina adzagona pamene ndinagona ine. Kenaka anandiyang'ana, nati, "Iwe wangokhala pansi pa mango, ntchito yako ndi chiyani?"

Mawu akuti dzanja lake ndi labwino kuposa langa anandilasa, ndipo sindinadye bwino nsima tsiku limenelo. Koma ndinakumbuka nkhani ya Mary Waya. Iye anabadwa mu 1968, nasewerera dziko lathu masewera oposa 200, ndipo anali m'gulu limene linatenga malo achisanu pa mpikisano wa dziko lonse wa 2007 ku Auckland. M'chaka cha 2010, pa masewera a Commonwealth ku Delhi, iye ali ndi zaka 42, anali m'timu imodzi ndi Mwai Kumwenda wa zaka 21, ndipo onse awiri anali oponya zigoli. Wina anali ndi zaka zowirikiza kawiri za mnzake, koma anavala malaya amodzi, ndipo Malawi anatenganso malo achisanu. Atasiya kusewera, Mary Waya anakhala mphunzitsi wa mpira wa manja. Ndiponso pamene Mwai anasowa ku Liverpool mu 2019, mtengo wa golo sunakhale wopanda munthu: Joyce Mvula ndi anzake anaponya, ndipo Malawi anatenga malo achisanu ndi chimodzi mwa maiko 16. Timu imene ili ndi woponya mmodzi yekha ndi nyumba ya mzati umodzi. Paja mutu umodzi susenza denga.

Chotero masabata awiri apitawa ndakhala ndikupita ku bwalo madzulo alionse, osati kukasewera, koma kukaima pambali ndi kumuonetsa mng'ono wangayo katerede: kupinda mawondo, kutera mofewa, bondo lilunjike kumene chala cha phazi chaloza. Iyenso wandionetsa kagwiridwe kake ka mpira, kamene ndikuyesera nditakhala pa mpando. Ndikachira mwina ndidzapeza kuti malo anga apita ndithu. Zikadzatero ndidzalimbana naye mwachilungamo m'bwalo, ndi miyendo iwiri yamphumphu, ndipo aphunzitsi adzasankha woyenera. Ngati adzasankha iye, sukulu idzakhala ndi oponya awiri pamene kale inali ndi mmodzi.

Ndisanatsirize ndili ndi zopempha zinayi, ndipo ndikuzipereka mwaulemu kwa aphunzitsi athu a zamasewera ndi kwa makaputeni a matimu onse, a atsikana ndi a anyamata omwe. Choyamba, pakhale lamulo lakuti wosewera amene anapita ku chipatala chifukwa cha kuvulala asalowe m'bwalo kufikira a chipatala atamulola. Lamuloli lidzamuchotsera mwana mtolo wokana yekha anzake akamukakamiza, pakuti kukana anzako ogona nawo chipinda chimodzi ndi chinthu chovuta kwambiri. Chachiwiri, tisanayambe kusewera tizitenthetsa thupi mphindi 10 kapena 15, ndi kuphunzira kutera ndi kutembenuka, osangothamangira mpira titangochoka m'kalasi. Chachitatu, Loweruka lililonse pa nthawi ya ntchito za manja gulu limodzi lizitola miyala ndi kukwirira maenje m'mabwalo athu. Kamwala kamene kanandigwetsa ine kanali kochepa ngati dzira la nkhunda. Chachinayi, tonse tidziwe chithandizo choyamba. Munthu akabinya bondo kapena kakolo, asiye kusewera nthawi yomweyo, aikepo chozizira, amange bandeji mosathinitsa, ndipo akweze mwendo pamwamba. Ayezi sasowa kuno kwathu, pakuti ogulitsa nsomba ali naye tsiku lililonse. Akulungidwe m'nsalu, asaikidwe pa khungu mwachindunji. Masiku awiri oyamba tisathowe ndi madzi otentha kapena kusisita mwamphamvu, chifukwa zimenezi zimaonjezera kutupa. Ndipo ngati munthu sangathe kuponda, apite ku chipatala osadikira.

Kwa inu anzanga amene munanditcha wamantha, sindikusungirani mangawa, pakuti nanenso ndinanenapo mawu omwewo kwa ena ndisanavulale. Pa tsiku la mpikisano mudzandipeza m'mbali mwa bwalo, nditanyamula ndowa ya madzi, ndikuimba mokweza kuposa nonse. Mng'ono wathu wa Folomu 1 akadzamwetsa chigoli choyamba, ndikupemphani kuti mudzamuimbire dzina lake monga momwe munkaimbira langa. Akadzaphonya musadzamukuwize, pakuti ndi mwana, ndipo wasenza katundu amene sanamupemphe. Ine ndatsala ndi masabata anayi kuti ndikaonedwenso ku chipatala, ndipo ndidzawadikira onse.

Ndine wanu,
Mtsikana wa Folomu 3